Mpiringidzo wa Kunja

"Ndiye mukufuna nditani, bashi Pilira? Ndisiye ntchito ndizikhala pakhomo n'kumawalondera?" anatero Fridah kwa mwamuna wake.

"Tsitsani mawu, amake Pilira. Amayi akumva."

"Agona. Akadya masana amagona."

Agogo Dora sanagone ayi. Anali khale m'mphepete mwa bedi m'kachipinda kawo ka kumbuyo, phazi lopsa atalisanjika pa kampando, makutu ali tcheru. Anthu ndi odabwitsa. Munthu maso akangoti achite mdima, onse amayesa kuti ndi makutu omwe atsekeka. Chiyambire pamene maso awo anachita chifunga, a Dora anamva zambiri m'nyumba ya mwana wawo Themba, ku Kamitondo kuno mumzinda wa Kitwe, kuposa zimene anamva zaka zonse akupenya.

Mpongozi wawo Fridah anapitiriza.

"Dzana aponda mbaula. Sabata yatha anathira sopo waufa m'phala poyesa shuga. Tsiku lina tidzabwera kuchokera ku ntchito n'kupeza nyumba ili phulusa, iwo ali momwemo. Ine sindidana ndi amayi anu, Mulungu ndi mboni, koma ndatopa. Ndiye Loweruka likubwerali akwawo kwa Spencer akubwera ndi mbale za insalamu, za chikole zija, kudzafunsira Pilira. Anthu aja amafufuza mpaka agogo a agogo. Akawaona amayi akupapasa khoma afunsa. Akafunsa amva kuti bambo awo a amayi nawonso anamwalira osaona. Basi, ati khungu ndi lakumtundu, mwana wathu asakwatireko. Mwana wanga aphonye banja chifukwa cha zimenezi?"

 A Dora ankamudziwa mwana wawo. Nkhaniyi Themba anali ataimaliza kale payekha, ankangosowa poyambira.

"Ndalankhula ndi achibale a ku Ntcheu," anatero. "Ati awalandira. Mwezi ukatha ndiwaperekeza kumudzi. Kumeneko pakhomo sipasowa munthu."

Mtima wa a Dora unati phwii. Ku Ntcheu anachokako ali kamwana, atakwezedwa pa lole pamodzi ndi mitolo, bambo awo akubwera kuno ku Zambia kudzalowa mgodi. Anakulira ku Wusakile, anakwatiwa komweko ndi a Horace, kalaliki wa pamgodi, ndipo a Horacewo anagona kumanda a ku Chamboli, kumene a Dora ankati nawonso adzagona. Ku Ntcheu ankangopitako pa maliro, ndipo kumeneko ankawatchula kuti "aku Zambia". Tsono awa ndiye ati kumudzi.

"Themba."

Anaitana a Dora ali pabedi pomwepo.

"Tabwera kuno, ndi amake Pilira omwe. Musandinene kuseri ngati ndafa kale."

Pakhomo panaima zithunzithunzi ziwiri, china chachitali, china chachifupi. Ndi zokhazo zimene maso awo ankatha kuwapatsa masiku amenewo.

"Wati ukanditula kuti?"

"Amayi, sikukutulani. Ndikuti mukapumeko pang'ono."

"Ndikapume kwa yani? Tanditchulira munthu mmodzi wa ku Ntcheu amene ndingamuzindikire mawu. Kuno wogulitsa makala akakuwa pamsewu ndimadziwa kuti ndi uje. Lachinayi amayi a Mvano amabwera kudzandiimbira. Atate ako ali pa Chamboli pompa. Kumeneko ndikakhala wa yani?"

"Nanga titani, amayi? Chaka chatha ndinati tiyeni kuchipatala, munakana."

"Ndinakana, ndipo ndikanabe. Mnzanga uja, amake Chiso, anandiuza bwinobwino. Amakolowola diso n'kuikamo la mbuzi. Ine ndikaonekere pamaso pa Mulungu ndi diso la mbuzi?"

Themba sanaseke, komanso sanatsutse. Kunena zoona, za chipatala anangozinena kamodzi basi n'kuzisiya. Mumtima mwake nayenso ankati ndi zakumtundu. Pilira anali atawanong'onezapo agogo ake, moseka, kuti adadi masiku ano foni amaiwerengera kutali, mkono atautambasula wonse. Mwamuna wamkulu ndithu, koma mantha anali nawo ake.

"Ndi ukalamba, amayi," anatero motsitsa. "Dokotala angachitepo chiyani?"

Fridah anagwada pafupi ndi bedi. "Amayi, musatiyese anthu oipa."

"Sindinanene kuti ndinu oipa, amake Pilira. Ndati mukunditaya."

M'mawa mwake, asanapite ku ntchito, Themba anafika pachitseko cha kachipindako ndi hamala. Go, go, go. Chitseko chonse chinkanjenjemera.

"Ukukhoma chiyani?"

"Kampiringidzo kachitsulo, amayi. Kuti tikachoka musamafike pa mbaula."

"Mkati kapena kunja?"

Themba anangopitiriza kukhoma, ndipo a Dora anamva bwino mbali imene hamala inkagunda.

Kuyambira tsikulo moyo unali umenewo. Fridah ankawasiyira tiyi m'fulasiki, chakudya m'mbale yovundikira ndi chidebe pakona, kenako chitsulo chinkati kwetche, mapazi n'kumapita. Lachinayi amayi a Mvano anafika, anaodira pageti, anaodiranso. A Dora anawamva, anawazindikira mmodzimmodzi, koma manyazi anawagwira. Akanakuwa kuti chiyani? Kuti mwana wanga, mkulu wa mpingo, wanditsekera? Anangogwira bulangete, misozi ikutsika, mpaka mawu a anzawo anazimirira pamsewu.

Lachisanu madzulo Pilira analowa ndi beseni la madzi amchere kudzawatsuka bala, monga ankachitira masiku onse akaweruka. Tsiku limenelo manja ake ankachedwa.

"Agogo, ndinalakwa."

"Walakwa chiyani?"

"Spencer atandifunsa za inu, amami anati ndinene kuti muli ku Malawi. Ndinanena. Akwawo onse ku Ndola akudziwa choncho."

Zinawapweteka, asaname. Mwana ameneyu anam'bereka kumbuyo popita naye ku sikelo, anam'phunzitsa kumanga duku, anam'bisira zitumbuwa amake akam'kalipira. Anatambasula dzanja n'kupeza mutu wake. Tsitsi linali lomangidwa kumene, timizere tosalala bwino, tokonzekera mawa. 

"Mnyamatayo umam'konda?"

"Ee, agogo."

"Amapemphera?"

"Amapemphera."

"Ndiye pukuta misozi. Mawa ine ndili ku Malawi. Sindikhosomola n'komwe."

Loweruka nyumba inadzuka ndi fungo la polishi ndi nkhuku yokazinga. Chitsulo chinati kwetche dzuwa lisanakwere. Chakumasana galimoto inaima pageti, ndipo a Dora anamva moni wa Chibemba, kuwomba m'manja, mipando ikukokedwa, ndi kulira kwa mbale ziwiri zovundikirana pamene nkhoswe inaziika patebulo. Iwo anakhala duu pabedi, manja ali pamiyendo.

Koma m'nyumba imeneyi, chiyambire nthawi ya a Horace, palibe chachikulu chimene chinkayamba popanda nyimbo ya m'buku ndi pemphero. Ndipo woyambitsa nyimbo anali a Dora. Pa ubatizo, pa maliro, ngakhale tsiku logula firiji, anali iwo. Lero Themba anayambitsa yekha. Mwana ameneyu Mulungu anam'patsa zambiri, koma khosi anam'mana. Anaiyambira pamwamba, kudenga kwenikweni. Vesi yoyamba anaikoka movutikira, Fridah akum'thandiza apo ndi apo, alendo akungong'ung'udza poti mawu a Chinyanja chakale chija sankawadziwa. Pofika vesi yachiwiri mawu anam'thawa. Nyimbo inayamba kufera pakati.

A Dora anadzigwira pakamwa. Anayesetsa ndithu. Koma munthu amene wayambitsa nyimbo ku Mvano kuyambira ali ndi mwana kumbuyo sangamve nyimbo ya Mulungu ikugwa pansi iye n'kungokhala. Sanadziwe kuti dzanja lachoka liti. Anangodzimva akuitola pomwe Themba anaigwetsera, n'kuitsitsa pamalo pake, n'kuyenda nayo mpaka kumapeto, pabalaza ponse pakuwatsatira. Anazindikira chimene achita atamva "Ameni".

 Kenako mawu a mayi, aakulu, osazolowera kunong'ona.

"Nanga amene waimba bwino chotere ndani?"

"Ndi wailesi ya aneba," anatero Fridah mofulumira.

"Wailesi yodziwa kudikira vesi yachiwiri?"

Mpando unalira. Mapazi olemera anadutsa pabalaza, Fridah akuti chimbudzi chili mbali inayi, mapaziwo osamvera. Anaima pachitseko. Anaima nthawi ndithu, ngati munthu amene akuyang'anitsitsa chinthu. Kenako chitsulo chinasuntha.

"Mwapoleni, bamayo. Ine ndine Salome, azakhali ake a Spencer. Chinyanja changa ndi cha mumsika, mundikhululukire."

"Ine kulibe," anatero a Dora, mutu uli pansi. "Ndili ku Malawi."

"Ndaona. Malawi wayandikira masiku ano." Mayiyo sanaseke. Anawagwira manja onse awiri n'kuwadzutsa. "Tabwerani kuno pawindo. Kuwala mukukuona?"

"Kuwala ndimakuona. Anthu ndi zithunzithunzi."

Zala zonenepa zinawakweza chibwano, zinakanula chikope chimodzi, kenako chinacho.

"Mwanadiso wayera ngati mkaka. Iyi ndi ng'ala, bamayo. Ine ndinali chonchi maso onse awiri, mpaka ndinkapereka moni kwa mitengo. Anandichotsa kuchipatala cha maso, ku Kitwe konkuno."

A Dora anabwerera m'mbuyo pang'ono. "Ndiye kuti muli ndi maso a mbuzi?"

Apo ndiye a Salome anaseka mpaka kutsamira khoma. Anatenga dzanja la a Dora n'kuliika pankhope pawo.

"Tagwirani. Diso ndi langa, lomwe ndinabadwa nalo. Amangochotsa kachifunga kaja n'kuikamo kagalasi kakang'onong'ono. Chilowereni muno mwandimva ndikulira mee?"

Sanawafunse ngati akufuna kutuluka. Anangowakolowekera mkono n'kuyenda nawo pang'onopang'ono, phazi lopsa likutsimphina, mpaka pabalaza, n'kuwakhazika pampando wawo womwe iwo anachokapo.  Kwinakwake kukhichini Pilira ankalira mobanika.

"Ba Themba," anayamba a Salome, "ife kwathu ku Pamodzi, ku Ndola, tinafunsa za banja lino. Anatiuza kuti ndi anthu a tchalitchi, aulemu. Ng'ala sitiiopa, imabwera ndi imvi, ilibe mtundu. Chimene chandiopsa ine ndi chitseko chokhoma kunja. Amake Spencer nawonso akukalamba. Mtsikana amene wakula akuona mpiringidzo uja, apongozi ake adzawasunga bwanji?"

"Tinaopa moto, mayi," anatero Themba, mawu ali pansi. "Anapsa."

"Ndiye munaopanso moto potiuza kuti ali ku Malawi?"

 A Dora anamumva Themba akupuma movutika ngati mmene ankapumira ali mwana akagwidwa ndi shuga m'manja, ndipo mkwiyo wawo wonse wa sabata imeneyo unasanduka chisoni.

"Alendo athu, ndiloleni ndinenepo," anatero. "Mwana uja alibe mlandu. Ndi amene amanditsuka bala tsiku ndi tsiku, ndipo bodza analinena atachita kutumidwa, dzulo wandilirira nalo. Mpongozi wangayu watopa, sindikubisa, kusunga munthu wosaona si masewera. Chipatala ndinakana ndine. Mwana wangayu anachita mantha, ine ndinachita mantha, ndiye mantha athuwo musam'senzetse Pilira."

Alendo anang'ung'udzana m'Chibemba. Nkhoswe, bambo wa mawu ofatsa, inakonza kukhosi.

"Tamva, bamayo. Sitikukana mbeta. Koma mbalezi lero tibwerera nazo. Tidzabwera nazo tsiku limene agogo adzathe kuona nkhope ya amene akutenga mdzukulu wawo."

Galimoto itapita, nkhuku inazizira m'mapoto osadyedwa. Fridah anadzitsekera kuchipinda. Pilira anakhala pansi atatsamira miyendo ya agogo ake. Banja la mwanayu tsopano linali m'maso mwawo, ndipo njira yake inkadzera ku mpeni umene anauthawa chaka chonse. Mantha sanathe ayi. 

Themba anabwera n'kuima patsogolo pawo. A Dora anamva hamala ili m'manja mwake ikugunda mwendo wa tebulo.

"Amayi, ndikukauchotsa."

"Usaukhudze."

"Amayi?"

"Ndati usaukhudze. Usadzautsekenso, koma usauchotse. Ndikufuna ndiuone kaye."

Sabata yotsatira Themba anapempha tchuthi ku ntchito. Kuchipatala anapeza a Salome atafika kale kuchokera ku Ndola, atawasungira malo pabenchi pakati pa nkhalamba zina zogwidwa mikono ndi adzukulu. Dokotala, mtsikana wa mawu aang'ono, anawaunika ndi katochi n'kunena kuti ng'ala yakhwima m'maso onse, ayamba ndi lakumanja, lakumanzere lidikire. Anati matenda ena a maso munthu akachedwa nawo sabwerera, koma awa ali ndi mwayi. Themba anafunsa chamumtima ngati ndi zakumtundu. Dokotala anati aliyense wokhalitsa pa dziko ikhoza kum'peza, ndipo anamuuza kuti nayenso akhale pampando amuyeze, poti kapepala kamene anam'patsa ankakawerengera kutali.

Tsiku la opaleshoni a Dora anavala duku loyera la Mvano, kuti zikavuta akafike kumwamba ali m'yunifolomu. Anamwino analivula pakhomo n'kuwaveka kachipewa. Sanawagoneke tulo. Anangomva kuzizira pa diso, kuwala kwambiri, ndi anthu akucheza za mvula. Anatchera khutu nthawi yonseyo, koma mbuzi sanaimve.

M'mawa mwake namwino anamatula thonje pang'onopang'ono. Kuwala kunawabaya, anatsinzina, anatsegulanso. Choyamba kuona chinali batani la malaya a namwino, ndi ulusi wake womwe. Kenako zenera, ndi mtengo wa mango kunja, tsamba lililonse palokha. Kenako bambo wina wa imvi m'mbali mwa mutu, maso ofiira, atanyamula nsapato zawo m'manja.

Anamuyang'ana nthawi yaitali. Mwana amene anamusiya ndi tsitsi lakuda anali atakalamba iwo osadziwa, ndipo anafanana ndi a Horace mpaka kaimidwe.

"Wayamba liti imvi iwe?"

Themba anayesa kuseka, koma zinakanika. Anagwada n'kuyamba kuwaveka nsapato, nkhope ataibisa.

Fridah anawapatsira kapu ya madzi, ndipo a Dora anagwira dzanja m'malo mwa kapu. Kuseri kwa dzanjalo kunali chipsera chachikulu, chofiirira, chosapola bwino.

"Ichi n'chiyani, amake Pilira?"

"Ndi tsiku lija la mbaula, amayi. Chitenje chanu chinayamba kugwira moto, ndiye ndinazimitsa ndi manja."

"Osandiuza?"

"Munali ndi bala lanu."

A Dora sanalisiye msanga dzanjalo. Mpongozi wawo anali atawonda, khosi litatalika, ndipo zimenezi palibe khutu likanawauza.

Atafika ku Kamitondo anakana kugwidwa mkono. Anadutsa pabalaza okha, akuyang'ana makatani atsopano amene sanawadziwe ndi chithunzi cha a Horace chimene chinapendama pakhoma. M'kachipinda kawo, pakona, munali zikwama ziwiri zazikulu za mizeremizere, zotseka kale, zodikira ulendo wa ku Ntcheu. Pilira anathamangira kukayamba kumasula, koma agogo ake sanali kuyang'ana zikwama. Anali ataima pachitseko.

Kanthu kake kanali kakang'ono. Kachitsulo kowala, kotalika ngati chala, kokhomedwa mokhota ndi misomali. M'mutu mwawo masiku onse aja unali mpiringidzo waukulu ngati wa kundende.

"Ndi kameneka?"

"Ndi kameneko, amayi."

"Bweretsa hamala."

Themba anazula misomali umodziumodzi, amayi ake ataima pambali pake, diso limodzi lili pa iye. Fridah ndi Pilira anaima kumbuyo. Katazuka, pachitseko panatsala timabowo.

"Ndikakataye kudzala," anatero Themba.

"Utaye chitsulo chabwino? Khomera mkati."

Themba anawayang'ana, kenako analowa m'chipindamo n'kugwada. Go, go, go.

"Wapendamitsa. Zula, uyambirenso. Pano ndikuona."

Atamaliza anawauza onse atuluke. Anakankha chitseko, n'kusuntha kachitsulo kaja ndi chala chawo. Kwetche. Anaima pamenepo, dzanja lili pachitseko, akumvetsera. Kunja kunali zii. Miyezi yonse ya mdima ija anthu ankangolowa m'chipinda muno, ndi tiyi, ndi beseni, ndi tsache, ngati mmene munthu amalowera mosungira katundu.

Patapita kanthawi, zala zinagogoda mopepuka.

"Odi, agogo."

"Ndani?"

"Ndine Pilira. A Salome aimba foni. Akufunsa ngati angabwere ndi mbale Loweruka."

"Auze abwere. Ndipo uwauze atate ako kuti nyimbo ndiyambitsa ndine."

Anasuntha kachitsulo kaja n'kutsegula.